Nyemba Yakuda M'chitini cha Achimwene

Ndikupatsani moni nonse amene mukuwerenga mawu awa, a mumpingo mwathu muno mu Lichinga ndi ena akutali amene pepalali lidzakupezani. Ine ndine Lusiya, ndimakhala ku Sanjala, ndipo mutu wanga wonse ndi imvi. Ndakhala ndikuzengereza kupereka umboni uwu chifukwa m'kati mwake muli manyazi anga. Koma Mulungu anatichitira chifundo ine ndi mlongo wanga, ndipo sindikufuna kupita nazo kumanda. Vuto lathu linali ili: achimwene anga, amene anabadwa ndi mutu wochedwa kugwira zinthu, anayamba kutaya ngakhale nzeru zochepa zimene anali nazo, nkhondo ili m'kati, ndipo panalibe wodziwa kuti akudwala. Ine amene ndinkagona nawo nyumba imodzi ndinali woyamba kusadziwa.

Dzina lawo anali a Benado. Iwo anali oyamba kubadwa m'mimba mwa amayi, ine chitsirizira. Anali aafupi, a maso aang'ono, lilime lolemera, oseka ndi aliyense. Kusukulu anapitako sabata imodzi yokha, aphunzitsi n'kuwabweza. Masiku a sabata sankawadziwa, kupatula Lamulungu, ndipo nalonso ankalidziwira pa kusamba kwa m'mamawa. Anthu kwathu ku Lione anali ndi mayina awo owatchulira, amene sindiwalemba pano. Ifenso a m'nyumba, mlendo akafunsa, tinkangoti, "Awa sadziwa kanthu, anabadwa choncho." Tinkanena iwo ali pomwepo, ngati tikunena za mtondo.

Komatu ntchito anali nayo. Kwathu nyemba timadzala zosakaniza, mitundu yonse phando limodzi, kuti mvula ikakana mtundu wina, wina utipulumutse. Tikakolola ndi kupuntha pamatsala ntchito yotopetsa yosankha, ndipo imeneyo inali ya achimwene. Anali ndi zitini zisanu zakale za mafuta: cha zofiira, cha zoyera, cha zachikasu, cha zamawangamawanga ndi cha zakuda. Ankakhala pamphasa miyendo atatambasula, lichero pamiyendo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, osayankhula. Simukanapeza nyemba yosochera m'chitini chilichonse. Ife sitinkaziona ngati nzeru zimenezo. Tinkaziona ngati njira yowakhazika pansi kuti asatisokoneze.

Munthu mmodzi yekha ndiye ankazilemekeza. Anali Che Saide, Msilamu wa ku Meponda, amene ankakwera mtunda ndi madengu a usipa wouma kudzasinthanitsa ndi nyemba. Ankakonda nyemba za pakhomo pathu chifukwa sankavutika kusankhanso. Iwo ndi achimwene anali ndi sewero lawo. Che Saide ankakhala pafupi, n'kumacheza ndi amayi ngati palibe chimene akuganiza, kenaka mwakabisira n'kuponya nyemba imodzi yakuda m'chitini cha zoyera, n'kuikwirira ndi chala. Posakhalitsa achimwene ankaivumbulula, n'kuikweza m'mwamba, nkhope atakwinya. "Ayi, Che Saide. Iyi kwawo si kuno." Che Saide ankaseka mpaka kofia kugwa. Chaka ndi chaka sewero linali lomwelo, ndipo sanawapusitsepo ngakhale kamodzi.

Amayi anamwalira mbendera yatsopano itangokwera kumene, dziko lili m'chisangalalo cha ufulu. Mawu awo otsiriza kwa ine sanali ambiri. Anati ndisadzamusiye mlongo wanga m'manja mwa anthu. Ndinavomera mosavuta, chifukwa nthawi imeneyo kusunga achimwene kunali kopepuka: ankatunga madzi, ankatola nkhuni, ankasamba okha, ankapinda bulangete lawo bwino kuposa mwamuna wanga.

Kenaka nkhondo inafika. Poyamba tinkangoimva kutali, kenaka Che Saide analeka kubwera chifukwa njira inaipa, kenaka midzi yoyandikana nafe inayamba kupsa. Mwamuna wanga anali atatengedwa ku usilikali. Chaka china titangomaliza kukolola ndinatenga ana anga awiri ndi achimwene, n'kulowa m'tauni ndi anthu ena ambiri. Katundu tinatenga wochepa, koma zitini zisanu zija, zodzaza nyemba, achimwene anakana kuzisiya. Anazimanga m'thumba n'kusenza okha mpaka ku Sanjala, kumene msuweni wa mwamuna wanga anatipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba yake. Ndinathira phulusa m'zitinizo, n'kuzitseka, n'kuzikankhira pansi pa bedi. Inali mbewu yodzabwerera nayo ku Lione, ndipo ndinalumbira kuti palibe adzaikhudze.

Amene munalipo mukukumbuka mmene tinkadyera. Kuima pa bicha, mzere uja wosatha, kuyambira m'mawa kuti upeze chimanga. Chimanga lero, chimanga mawa. Ndiwo zinali za mwayi: masamba pang'ono, kabichi akapezeka, mchere wochita kupempha. Munda tinalibe, choncho panalibe nyemba zosankha. Ntchito ya achimwene inatha, ndipo panalibenso amene anawaona akuchita chinthu chimene ankachidziwa bwino.

Mvula itadutsa ndinayamba kuona zachilendo. Ankapita kuchitsime n'kubwerako opanda ndowa. Malaya ankavala chadodolido, kolala kumbuyo. Bulangete linkangokhala pamene adzukirapo. Kuseka kuja kunatha, ankangokhala pakhonde kuyang'ana pansi, nthawi zina misozi ikutsika popanda wowaputa. M'mimba munkawatsegula kawirikawiri, mpaka ankadziipitsira. Khungu la m'manja ndi la m'khosi linada n'kuyamba kusweka, ine n'kumati ndi chisanu cha Lichinga ndi kusowa kwa sopo.

Apa ndiye pali manyazi anga. Ine ndinati ndi mwano. Ndinati tauni yawalowa m'mutu, aona kuti amuna a kuno satunga madzi ndiye ayamba ulesi. Pakamwa panga si pabwino, a ku Sanjala amandidziwa, ndipo achimwene anamva zambiri m'miyezi imeneyo. Choipa koposa, ndinayamba kuwalanga ndi chakudya. Ndiwo zikapezeka ndinkagawira ana, iwo n'kuwapatsa nsima yokha ndi madzi a mchere, n'kumati wosagwira ntchito asadye zabwino. Ankalandira ndi manja awiri monga mwa masiku onse. Sanadandaulepo, ndipo chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Tsiku lina masana anatuluka osabwerera. Ndinawapeza dzuwa likupendeka pa malo amene asilikali ankaimitsa anthu potulukira m'tauni, atawakhazika pansi, nsapato atawavula. Munthu wamkulu wopanda mapepala, wosatchula kumene akuchokera, woyankha "eya" pa funso lililonse, nthawi imeneyo ankamuyesa kazitape. Anawafunsa ngati anatumidwa ndi zigawenga za m'tchire, iwo anati eya. Ndinagwada m'fumbi, ndinalira, mpaka wamkulu wawo anawayang'anitsitsa kumaso n'kuona yekha. Anandiuza mosabisa kuti akadzawapezanso, mwina adzakhala asilikali ena osaleza mtima. Kuyambira tsiku limenelo ndinkawatsekera m'chipinda ndikamapita ku bicha, chitseko n'kumanga ndi chingwe kunja. Anzanga ena anati ndi misala, ena anati ndi ukalamba, ena anati ndiwamange mwendo. Ndinkamva manja a achimwene akupapasa chitseko ndikamachoka.

Mayi wina wa mumpingo ndiye anandikakamiza kupita nawo kuchipatala. Tinadikira theka la tsiku pakati pa anthu ovulala. Namwino amene anatilandira anali bambo wa msinkhu ndithu, maso ofiira ndi kutopa, koma waulemu. Tinkamuitana kuti Sinyoro, ndiye kuti bwana m'Chipwitikizi. Nditafotokoza kuti mutu wa achimwene ukuoneka ngati ukutha, anatulutsa pepala la mafunso n'kuyamba kuwamasulira m'chinyanja. Lero ndi lachingati? Uno ndi mwezi wanji? Tauni ino dzina lake ndani? Pa zana mukachotsa zisanu ndi ziwiri zitsala zingati? Limenelo ngakhale ine linandigwetsa. Achimwene anayankha "eya" pa onse, atafunyirira m'jekete lawo lakale, manja ali m'matumba.

Namwino uja anaika pepala pansi n'kundiyang'ana.

"Mama, pepala ili silingandiuze kanthu. Mafunso awa akanalephera chaka chatha, akanalepheranso ali ndi zaka makumi awiri. Kuti ndidziwe kuti munthu watsika, ndiyenera kudziwa pamene anaima. Kale ankatha kuchita chiyani?"

Ndinayankha msanga, ndi mawu amene ndinazolowera kuyambira ubwana.

"Palibe, Sinyoro. Anabadwa choncho."

Anatambasula manja. "Pronto, basi. Ndiye ine ndiyeza chiyani?"

Anatipatsa madzi oletsa kutsegula m'mimba, tinabwerera. Sindimuimba mlandu bambo ameneyo. Anafunsa funso loyenera, ine ndi amene ndinamutsekera njira.

Masabata otsatira anali olemera. Achimwene anaonda, anasiya kunditchula dzina, ndipo ndinaona kuti akupita. Tsiku lina nditamanga chingwe chija pachitseko, sindinachoke pakhomopo. Ndinakhala pansi pomwepo, dzuwa likuswa mtengo, n'kupemphera pemphero lopanda ulemu. Ndinati, Ambuye, amayi anandisiyira munthu, Inu mukumuchotsa pang'onopang'ono ine ndikuona, ndipo sindikudziwa ngakhale dzina la chimene chikumudya. Ngati ndi nthawi yake mutengeni bwino. Ngati si nthawi yake, nditumizireni munthu wa maso, chifukwa anga aona zambiri mpaka achita khungu. Sindinamve mawu aliwonse. Ndinadzuka n'kupita ku bicha.

Patapita masiku atatu, ndikudutsa pamsika, ndinamva munthu akundiitana ndi dzina la amayi. Anali Che Saide. Anali atakalamba, ndevu zoyera, kadengu kakang'ono ka usipa patsogolo. Anakwera kuchokera ku Meponda ndi magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ulendo wawo woyamba patapita zaka. Tisanamalize n'komwe malonje anafunsa, "Nanga bwenzi langa Benado?" Ndinati alipo, koma ulesi wawakulira. Anandiyang'ana, anamanga dengu lawo, n'kuti tiyeni.

Ndinachita manyazi kumasula chingwe chija iwo akuona. Anapereka salamu, achimwene anangowayang'ana. Che Saide anakhala pansi pakhonde n'kufunsa ngati zitini zija zinapulumuka. Ndinazitulutsa monyinyirika. Anapeta phulusa okha, anatapa dzanja limodzi m'chitini chilichonse n'kusakaniza m'lichero, n'kuliika pamiyendo pa achimwene. Manja aja anayamba kuyenda okha. Koma anapanga milu iwiri yokha, nayonso yosokonezeka, zofiira ndi zamawangamawanga pamodzi, kenaka anaima. Pamenepo Che Saide anatenga nyemba yakuda n'kuiika pamwamba penipeni pa zoyera m'chitini, osaikwirira n'komwe. Achimwene anaiyang'ana nthawi yaitali. Anaisiya pomwepo.

"Mwanangu, uwu si ulesi," anatero Che Saide motsitsa mawu. "Munthu uyu zaka zonse zija sindinamupusitsepo. Wallahi, akudwala. Inu mumamuona tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake simunaone. Ine ndikumuyerekeza ndi Benado amene ndinamusiya ku Lione."

Ndinalowa m'nyumba n'kulira, chifukwa ndinakumbukira funso la namwino uja ndi yankho langa.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala atatu, ine nditasenza zitini. Anthu pa mzere ankaseka, ankati mayi awa abwera kudzagulitsa. Mwa chisomo tinapeza namwino yemwe uja. Ndinamuuza kuti tsiku lija ndinanama, ndipo ndabwera ndi yankho. Che Saide anafotokoza za milu isanu ndi za nyemba yakuda, ine ndinaonjeza za ndowa, za bulangete, za kusamba okha. Namwino anafunsa kuti zimenezi anazitha komaliza liti. Ndinati pokolola, tisanathawe, chaka chisanakwane bwino. Anagwedeza mutu. Anati ukalamba wa m'mutu anthu obadwa ngati achimwene umawapeza msanga ndithu, koma umayenda pang'onopang'ono, sugwetsa munthu kuchoka pa zisanu kufika pa ziwiri m'nyengo imodzi ya mvula.

Anatitulutsa panja pa dzuwa kuti aone yekha mmene achimwene akusankhira nyemba. Kuti asankhe bwino, achimwene anapinda manja a jekete monga ankachitira kumudzi. Namwino sanayang'anenso nyemba. Anagwira manja aja, anatsegula kolala n'kuona mkanda wakuda wa khungu losweka kuzungulira khosi, anawauza kuti atulutse lilime. Kenaka anandifunsa chimene amadya. Ndinanena zoona zonse, ndi za chilango changa chomwe. Sanandikalipire. Anati matendawa amatchedwa pelagra, amagwira anthu odya chimanga chokhachokha, amayamba ndi khungu ndi m'mimba kenaka n'kukwera kumutu, ndipo akawalekerera amapha. Anali ndi timapiritsi tochepa, anatipatsa. Koma anati mankhwala enieni ndi nyemba, mtedza ndi nsomba, tsiku lililonse.

"Nyemba ndizitenga kuti, Sinyoro, nthawi ino?"

Anangoyang'ana zitini zimene zinali pamapazi anga.

Abale, musaganize kuti zinali zophweka. Mbewu ija inali munda wanga wa mawa, inali Lione yense amene ndinatsala naye. Ndinakhala nazo zitinizo masana onse ndikuziyang'ana. Koma amene anazisenza pamutu kuchokera kumudzi anali yemweyo amene ankafa ndi njala atagona pamwamba pake. Madzulo ake ndinatsegula cha zofiira n'kuphika. Che Saide anasiya theka la usipa wawo, ndipo nditayamba kuyankhula anakweza dzanja n'kuti ndi sadaka, chopereka cha chifundo, nkhani ithere pomwepo. Amayi a mumpingo atamva, wina anabwera ndi kambale ka mtedza, wina mazira awiri.

Namwino anandipatsanso ntchito. Anati m'chitini chilichonse ndisungeko dzanja limodzi losaphika, ndipo Lamulungu lililonse ndiziwapatsa achimwene lichero, nthawi yomweyomweyo, malo omwewo, osawathandiza, osawakalipira, n'kuona milu imene apange. Poti kulemba ndinkachita movutikira, ndinkajambula timizere ndi khala pakhoma kuseri kwa chitseko. Lamulungu loyamba iwiri. Lachiwiri iwiri, koma yoyera bwino. M'mimba munaleka. Kenaka itatu. Khungu linayamba kufundula, lanthete likutuluka pansi. M'mawa wina ndinapeza bulangete litapindidwa, ndipo ndinaima pakhomo nthawi yaitali ndikungoliyang'ana.

Che Saide anabweranso patatha miyezi iwiri. Linali Lachitatu, koma ndinaswa lamulo n'kutulutsa lichero. Achimwene anakhala pamphasa, miyendo atatambasula. Milu inayamba kuoneka, umodzi, iwiri, mpaka isanu. Che Saide ankacheza nane za mtengo wa mchere, ndipo ine ndemwe sindinaone pamene dzanja lawo linapita kuchitini cha zoyera. Ndinangoona achimwene aima, alowetsa chala, avumbulula. Anaikweza m'mwamba, nkhope atakwinya.

"Ayi, Che Saide. Iyi kwawo si kuno."

Che Saide anati Alhamdulillahi, ine ndinati Yesu atamandike, ndipo palibe anatsutsa mnzake. Chingwe chija ndinachimasula pachitseko tsiku lomwelo n'kukachimanga panja poyanika zovala. Ndinapepesa kwa achimwene, nditagwada monga ayenera mlongo wamng'ono. Sindikudziwa ngati anamvetsa. Anangondisisita pamutu n'kufunsa ngati kuli nyemba zina.

Sindikunamizani kuti anakhala choncho mpaka kalekale. Anakhala bwino zaka zingapo, nkhondo inatha iwo akuona, ndipo mwamuna wanga atabwerera anawapeza akutunga madzi. Mbewu ina anatigawira anzathu a ku Lione. Koma lichero la Lamulungu sindinalisiye, ndipo ndi lomwelo linandiuza pamene ukalamba weniweni unafika. Zoyera ndi zachikasu zinayamba kulowa mulu umodzi, ndipo zinakhala choncho chaka chathunthu. Kenaka milu itatu. Ndinabwerera kwa namwino uja, anawayeza thupi lonse, maso ndi makutu omwe, n'kundiuza kuti ulendo uno palibe piritsi. Ndinamva chisoni, koma sindinasokonezeke. Timizere ta pakhoma tinkandiuza nthawi yoleka kuwatuma okha kuchitsime, nthawi yoyamba kuwasambitsa, nthawi yowadyetsa ndi dzanja langa. Sindinawanenenso kuti ndi aulesi. Chakumapeto ankangoviika manja m'lichero n'kumamvera nyemba zikudutsa m'zala, ndipo yakuda ija ankaisiya pamene ili. Anamwalira pabedi pawo, chitseko chili chotsegula, ine nditawagwira dzanja.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ulemu la pakhomo lija. Ndinapempha munthu wa maso, ndipo anandisankhira wogulitsa usipa wa chipembedzo china, amene ankadziwa mlongo wanga kuposa ine. Ndikuthokoza chifukwa cha namwino amene anavomera kuti pepala lake silikwanira. Ndikuthokoza chifukwa cha zaka zimene anatibwezera, zimene ndinatha kukonza zina mwa zimene ndinaononga.

Inu amene mukusunga m'bale wobadwa ngati achimwene anga, musafooke, ndipo musaleke kupemphera ngakhale mawu atakhala okalipa. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi. Yang'anani lero, adakali bwino, chimene amachita ndi manja ake: kaya ndi kusesa, kaya kumanga mbuzi, kaya kuimba nyimbo imodzi mpaka kumapeto. Chisungeni mumtima, uzaniko ndi ena a m'nyumba. Akadzasintha musadzathamangire kunena kuti ndi mwano kapena kuti anabadwa choncho, chifukwa mwina ndi matenda ochizika. Tsiku lina wina adzakufunsani kuti kale ankatha chiyani, ndipo moyo wake udzadalira yankho lanu. Ine ndinayankha kuti palibe, zitini zisanu zili pansi pa bedi langa.

Mtendere wa Ambuye ukhale pa nyumba zanu.